Nkhani ya m'Baibulo ikadzera pansanja isanafike pa kanema

Anthu ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene anaonapo Yesu akuyenda ndi kulankhula pa kanema anamuonera pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi, usiku, pachinsalu choyera chomangirira kumitengo iwiri, jenereta ikulira kuseri. Filimu imeneyo, ija timangoiti filimu ya Yesu, inatuluka mu 1979, inajambulidwa ku Israel, ndipo Yesu wake ndi Mngelezi wotchedwa Brian Deacon, ngakhale ife tinamumva akulankhula Chichewa. Anaipanga potsata Uthenga Wabwino wa Luka pafupifupi ndime ndi ndime. N'chifukwa chake ambiri tinazolowera kuganiza kuti filimu iliyonse ya anthu ovala mikanjo ndi nkhwayira ndi Baibulo lomwelo, kungoti lajambulidwa.

Koma pali mtundu wina wa mafilimu amene nkhani yake, isanafike kwa wojambula, inayamba yadzera pansanja ya zisudzo. Munthu wina, kaya zaka 600 zapitazo kaya zaka 50, anatenga ndime ya m'Baibulo n'kuilemba kukhala sewero. Sewerolo linatchuka, linachitidwa kambirimbiri, kenaka wa kanema anabwera n'kutenga sewerolo, osati ndime ija. Woonera amalandira nkhani yodutsa m'manja mwa anthu angapo. Ili ngati kachewere wa ku Tsangano amene wafika pachiwaya cha tchipisi: ndi mbatata ndithu, koma wina anasenda, wina anadula, wina anathira mchere wake, ndipo wogula sangadziwe kuti anachita chakuti ndani.

Kuwonjezera kumeneku si chipongwe ayi, ntchitoyo ndiyo imafuna choncho. Olemba Baibulo sankamwaza mawu. Marko akafika pamalo oopsa kuposa onse amangoti anampachika, n'kupitirira kunena za kugawana zovala. Buku la Genesis silitiuza chimene mkazi wa Nowa ananena ataona mwamuna wake akukhoma chingalawa pamtunda pouma, ngakhale dzina la mayiyo silitchula. Wowerenga amadzaza yekha mipata yotere m'mutu mwake. Koma munthu amene mwamuimika pamaso pa gulu kuti akhale mkazi wa Nowa sangangoti chilili. Ayenera kulankhula, ayenera kukhala ndi khalidwe lake, ndipo mawu akewo wina ayenera kuwapeka.

Mwambowu unayambira m'tchalitchi momwemo. M'zaka za m'ma 900, m'nyumba za amonke ku Ulaya, pa Pasaka m'mamawa, amonke atatu ankayerekeza amayi opita kumanda, wachinayi n'kukhala pambali ngati mngelo, n'kuwafunsa moimba m'Chilatini kuti akufuna yani. Cha m'ma 970 episkopi wa ku Winchester ku England, Ethelwold, analemba malangizo a momwe kasewero kameneka kazichitikira. Kanali ka mphindi zochepa chabe. Pofika zaka za m'ma 1300 ndi 1400 zinthu zinali zitatuluka panja, anthu akusewera m'chiyankhulo chawo.

Ku England, mzinda wa York unali ndi timasewero 48, kuyambira kulengedwa kwa dziko mpaka tsiku la chiweruzo. Ankatichita pa tsiku la chikondwerero cha Ukaristia, pangolo zokokedwa m'misewu, ngolo iliyonse ikuima pamalo oikika kuti anthu aonere. Osewera sanali ansembe koma magulu a amisiri, gulu lililonse ndi gawo loyenerana ndi ntchito yake. Okhoma zombo anatenga kukhoma chingalawa, ophika buledi anatenga Mgonero wotsiriza, osula golide anatenga anzeru a kum'mawa, ndipo opanga mapini anapatsidwa kupachikidwa kwa Yesu. M'gawo lawolo asilikali amang'ung'udza kuti mabowo a pamtanda anaboola motalikirana, mpaka kukoka manja a Yesu ndi zingwe kuti afike: amisiri akudandaula ntchito yolakwika ya amisiri anzawo, munthu akufa pomwepo. M'sewero la ku Chester mkazi wa Nowa akukana kulowa m'chingalawa popanda anzake omwa nawo, ndipo ana ake atamulowetsa mokakamiza akum'patsa Nowa mbama. M'sewero la abusa la ku Wakefield mbava yotchedwa Mak iba nkhosa n'kuikulunga ngati khanda, mkazi wake n'kumabuula ngati wangochira kumene. Zonsezi m'Baibulo mulibe, koma panalibe chosokoneza. Nowa uja anali mnansi wawo, mawa lake akumana naye pamsika.

Mpingo wa ku England utapatukana ndi Roma, masewerowa anaoneka achikatolika kwambiri ndipo anathetsedwa. Ku York anachitika komaliza mu 1569, mpaka anadzawadzutsa mu 1951. Kwa nthawi yaitali ofesi ya Lord Chamberlain, imene inkapereka chilolezo cha zisudzo ku London, sinkalola anthu a m'Baibulo kuonekera pansanja. Mphamvu za ofesiyo pa zisudzo zinatha mu 1968, chaka chomwecho chimene kuno kwathu kunakhazikitsidwa lamulo lounika mafilimu, mabuku ndi zisudzo. Iwo akumasula, ife tikumanga.

Kumene mwambowu unapirira ndi mudzi wa Oberammergau, kumwera kwa Germany. Mu 1633 mliri utapha anthu ambiri, otsala anawinda kuti Mulungu akawapulumutsa azichita sewero la masautso a Ambuye zaka 10 zilizonse. Anayamba mu 1634, ndipo mpaka lero akuchita. La 2020 linasunthidwa kufika 2022 chifukwa cha mliri wina, wa Covid-19. Anthu pafupifupi 2,000 amatengapo mbali, ndipo kuti uloledwe uyenera kukhala wobadwira m'mudzimo kapena wokhalamo zaka 20. Amuna amaleka kumeta tsitsi ndi ndevu kuyambira Lachitatu la Phulusa, kutatsala chaka kuti sewero lichitike, moti mlendo wofika nyengo imeneyo amagulitsidwa buledi ndi munthu wooneka ngati mtumwi Petulo.

Makina ojambula zithunzi zoyenda atangotulukira m'zaka za m'ma 1890, amalonda anathamangira masewero otere, poti mafilimu a nthawiyo analibe mawu ndipo nkhani ya Yesu aliyense ankaidziwa kale. Mu 1897 anajambula sewero la masautso la m'mudzi wa Horitz ku Bohemia, m'dziko la Czech la lero. Mu 1898 ku New York kunatuluka filimu imene ankaitsatsa kuti ndi sewero la ku Oberammergau. Linali bodza lamkunkhuniza. Chaka chimenecho ku Oberammergau kunalibe sewero, ndipo filimuyo anaijambulira padenga la nyumba ya Grand Central Palace mu New York momwemo, m'nyengo yozizira, ndi zovala za sewero la Salmi Morse limene akuluakulu a mzindawo analikaniza m'zaka za m'ma 1880. Nyuzipepala inaulula, koma anthu anapitirizabe kukhamukirako. Chimene anachikana pansanja, munthu wamoyo kudzitcha Yesu, anachilandira chitasanduka chithunzi.

Nanga kamera imasintha chiyani kwenikweni? Aliyense amene anayendapo Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera, ija achinyamata a m'maparishi mwathu amaichita ngati sewero, yankho analiona ndi maso. Asilikali avala zisoti za makatoni. Pilato wafunda nsalu yoyala pabedi ndipo akusamba m'manja m'beseni la pulasitiki. Msilikali wina akapyola muyezo ndi chikoti, mumamva mayi wina m'gulu akukuwa: "Iwe, pang'onopang'ono! Mwana wa eni ake ameneyo!" Anthu kuseka. Patangopita mphindi zochepa, Yesu akakumana ndi amayi ake, mayi yemwe uja akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Iye akuona anthu awiri nthawi imodzi, Ambuye ndi mnyamata wa mumphakati mwake, ndipo sakusokonezeka. Nsanja imavomera poyera kuti tikuyerekeza, ndipo oonera amathandiza kusenza nkhaniyo.

Kamera ilibe ulemu umenewo. Imayandikira nkhope mpaka thukuta kuoneka, ndipo chisoti chimene chinali bwinobwino pamsewu chimangooneka katoni basi. Ndiye wopanga filimu amakakamizika kufuna chisoti chachitsulo, chipululu chenicheni, magazi ooneka ngati enieni. Akachita zonsezo mwaluso, filimu imayamba kuoneka ngati umboni wa munthu amene analipo, ndipo mawu opeka a wolemba sewero amalowa m'mutu mwa woonera pamodzi ndi mawu a Malembo, osasiyanitsikanso.

Taonani za mtsikana uja anavina pamaso pa Herode. Tsegulani Marko 6 kapena Mateyu 14. Mtsikanayo alibe dzina, amangotchedwa mwana wa Herodiya. Wavina, mfumu yakondwa, yalumbira kum'patsa chilichonse, ndipo amene akufuna mutu wa Yohane Mbatizi ndi mayi wake, amene anali ndi mangawa ndi Yohane chifukwa chodzudzula ukwati wake. Mwanayo wangotumidwa. Dzina loti Salome linachokera kwa Josephus, wolemba mbiri wachiyuda. Tsono mu 1891 Oscar Wilde, wa ku Ireland, analemba sewero m'Chifalansa n'kutembenuza zonse. Salome wake akum'lakalaka Yohane, Yohane akum'kana ndi kum'temberera, ndipo mtsikanayo akufuna mutuwo mwa iye yekha, kuti apsompsone milomo imene inam'kana. Pomaliza Herode, atanyansidwa, akulamula asilikali kuti amuphe. Ngakhale gule amene mtsikanayo anavina, wotchuka ndi dzina loti gule wa nsalu zisanu ndi ziwiri, dzinalo linachokera kwa Wilde.

Mu 1892 sewerolo linakanizidwa ku London pamene Sarah Bernhardt, katswiri wa zisudzo wa ku France, anali atayamba kale kukonzekera. Linaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1896, Wilde ali m'ndende. Mu 1905 Richard Strauss analisandutsa opera, sewero loimba lokhalokha, ndipo a kanema akhala akulibwerera mibadwo yonse: Alla Nazimova m'filimu yopanda mawu ya m'ma 1920, Ken Russell mu 1988, Al Pacino mu 2011 ndi 2013. Zotsatira zake n'zoti Salome amene dziko limam'dziwa, mkazi wokopa ndi woopsa, ndi wa Wilde. Mlaliki akaima paguwa n'kudzudzula chilakolako cha Salome, akulalikira sewero la 1891, osati Marko, ngakhale mwina sanamvepo n'komwe za Wilde.

Opanga mafilimu ochenjera vutoli amalidziwa, ndipo ena amalithetsa posiya nsanja kuti izionekera m'filimumo. Russell anaika Wilde mwiniwake pampando, akuonera sewero lake likuchitidwa m'nyumba ya mahule. Pacino, amene anasewera Herode pamene Jessica Chastain anali Salome, anayamba watulutsa filimu yoonetsa iye ndi anzake akukonzekera, akukangana, akufufuza moyo wa Wilde, ndipo sewero lenilenilo analitulutsa pambuyo. Woonera sangaiwale kuti awa ndi anthu a lero amene akuyerekeza.

Njira yomweyi ndi imene Norman Jewison anatsata mu 1973 pojambula Jesus Christ Superstar, sewero loimba la Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice limene linayamba ngati chimbale mu 1970 n'kufika pansanja ku New York mu 1971. Sewerolo likufotokoza sabata yomaliza ya Yesu kudzera m'maso mwa Yudasi, munthu woopa kuti kutchuka kwa mnzake kuitanira Aroma kudzaphwanya onse, ndipo limathera pamtanda, kuuka mulibe. Jewison anakajambulira m'chipululu ndi m'mabwinja a ku Israel, koma filimu imayamba ndi basi ikutulukira m'fumbi, achinyamata akutsika, akutsitsa mtanda padenga, akugawana zovala. Asilikali anyamula mfuti, Yudasi akuthamangitsidwa ndi akasinja ankhondo, pamsika wa m'Kachisi akugulitsa zida ndi zinthu za lero. Pomaliza onse akukweranso basi, kupatula amene anasewera Yesu. Akhristu ambiri anakwiya ndi kusowa kwa kuuka, ena anadandaula kuti Yudasi anapatsidwa kwa munthu wakuda, Carl Anderson, pamene Yesu anali mzungu, Ted Neeley. Koma palibe amene anganene kuti filimuyo inam'namiza kuti ndi Uthenga Wabwino wojambulidwa. Basi ija inanena zonse.

Chaka chomwecho kunatulukanso Godspell, yochokera ku sewero la John-Michael Tebelak ndi Stephen Schwartz lotsata makamaka mafanizo a m'buku la Mateyu. Pansanja ndi kagulu ka achinyamata odzola nkhope ngati anthabwala, akuseweretsa mafanizo pamodzi ndi oonera. Atawatulutsa n'kuwamwaza m'misewu yopanda anthu ya New York, ine ndimaona kuti china chinatayika: nthabwala yofuna kuti wina aseke pafupi imazizira ikakhala yokha pakati pa nyumba zazitali. Chosangalatsa n'choti sewero lomweli linachita ntchito yaikulu kuno kumwera kwa Africa lili pansanja. Des ndi Dawn Lindberg analitsegulira ku Maseru, m'dziko la Lesotho, mu 1973, akuda ndi azungu akusewera limodzi. Atafuna kulowa nalo ku South Africa boma la tsankho linaliletsa, iwo anapita kukhoti ndipo anapambana.

Pali kusiyana kwina kumene kumaiwalika. Sewero likalakwika ulendo uno, ulendo wamawa amalikonza, pamene filimu ikatuluka yatuluka. Masewero a masautso ku Ulaya ali ndi mbiri yochititsa manyazi pa nkhani ya Ayuda. Ankawaonetsa ngati khamu la anthu oipa mtima, ndipo mawu a pa Mateyu 27:25, onena za mwazi kukhala pa iwo ndi pa ana awo, ankakuwidwa ndi gulu lonse pamaso pa oonera amene anali ndi anansi achiyuda. Adolf Hitler anakaonera la ku Oberammergau mu 1930 ndi mu 1934, ndipo analiyamikira pa chifukwa chimenechi. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, wa maepiskopi a Katolika, unanena kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse, a nthawi imeneyo kapena a lero. Mudzi uja unasintha mochedwa ndiponso mokangana, makamaka pansi pa Christian Stückl amene wakhala akutsogolera kuyambira 1990. Lero mawu aja anachotsedwa, ndipo Yesu amaoneka monga analili, Myuda wopemphera m'Chihebri. Filimu ya Mel Gibson ya 2004, The Passion of the Christ, sinachokere ku sewero limodzi, koma inatengera kwambiri mwambo wa masewero a masautso ndi Njira ya Mtanda. Anthu atadandaula, mawu aja anawasiya akumveka m'Chiaramu, n'kungochotsa kumasulira kwake pansi pa chithunzi. Mmenemo ndi mmene idzakhalire mpaka kalekale.

Ena amaona kuti sewero ndi lopyapyala kuti lidzaze filimu, ndiye amalimangira nkhani ina pamwamba. Black Nativity ya Langston Hughes, ya 1961, ndi kubadwa kwa Yesu kofotokozedwa ndi nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America, ndi magule, ndi wofotokoza mmodzi. Kasi Lemmons poijambula mu 2013 anawonjezera mnyamata wa ku Baltimore wotumizidwa kwa agogo ake ku Harlem, mkangano wa m'banja, ndi agogo aamuna amene ndi abusa. Sewero la Hughes linasanduka mwambo wa m'tchalitchi umene mnyamatayo akuodzeramo n'kulota. Amene akufuna Hughes m'filimumo amam'peza pang'ono.

Filimu imene ine ndimaiona kuti inapeza njira yabwino kuposa zonse inachokera pafupi ndi kwathu. Mu 2000 Mark Dornford-May ndi Charles Hazlewood anasonkhanitsa oimba ndi ochita zisudzo a ku South Africa, gulu limene linadzatchedwa Dimpho Di Kopane. Anatenga masewero akale aja a ku Chester n'kuwachita m'Chixhosa, Chizulu, Chiafrikaans ndi Chingerezi, pansi pa dzina loti Yiimimangaliso, mpaka anakaonetsa ku London, kubwezera Angelezi katundu wawo atavala zina. Kuchokera pamenepo anapanga filimu ya Son of Man, imene inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America mu 2006. Sanayese n'komwe kupanga Yerusalemu wa makatoni. Anajambulira ku Khayelitsha ku Cape Town, pakati pa nyumba zamalata, makamaka m'Chixhosa, ndipo Yudeya wawo ndi dziko la mu Africa la lero lokhala ndi nkhondo yapachiweniweni.

Mmenemo mngelo akum'peza Maria, amene ndi Pauline Malefane, atabisala m'kalasi mmene ana asukulu aphedwa. Angelo ndi ana aang'ono a nthenga zoyera. Yesu, amene ndi Andile Kosi, akuyesedwa ndi Satana ali wodzola dothi loyera la chinamwali cha anyamata achixhosa, zimene munthu wa kuno sangavutike kuzimva. Yudasi akusonkhanitsa umboni ndi kamera ya vidiyo. Kayafa ndi Anasi ndi atsogoleri andale amene agwirizana ndi asilikali achilendo. Chachikulu ndi imfa. Yesu sakupachikidwa pagulu ayi: akumenyedwa mobisa mpaka kufa, mtembo akuuponya kumbuyo kwa galimoto n'kukaukwirira kutchire, monga ankasowetsera anthu m'nthawi ya tsankho, ndipo woonera wa ku South Africa amakumbukira Steve Biko amene anafera m'manja mwa apolisi mu 1977. Ndi Maria amene akufukula mtembowo n'kuumangirira pamtanda pamalo okwera kuti onse aone chimene chachitika, amayi akuimba pamaso pa mfuti. Apa mtanda si chida cha akupha, ndi umboni wa oferedwa. Mmalawi amene akukumbukira nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, n'kulengezedwa kuti inali ngozi ya galimoto, safunika kum'masulira chithunzi chimenecho. Filimuyi yasintha zambiri kuposa ina iliyonse imene ndatchulayi, komabe ndi imene yasunga mzimu wa amisiri a ku Chester, amene ankaika nkhani ya Mulungu mumsewu wawo ndi pa nkhope za anansi awo.

Kuveka anthu a m'Baibulo thupi lakwathu si zachilendo ku Dedza. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko akhala akusema Yesu ndi Maria a nkhope zathu. Gule wamkulu nayenso anachita zake kalekale mwa njira yake. Pabwalo pamatuluka Maliya, pamatuluka Simoni wa nkhope yofiira, zilombo zimene zinatenga mayina kwa Akhristu n'kuwapatsa ntchito ina, yoseka mlendo ndi yolangiza mudzi. Ndipo pa Khirisimasi, kaya ku Katolika kaya ku CCAP, Herode wa sewero la ana amakhala wolusa mopyola, wa nthabwala, wokondedwa ndi oonera kuposa Yosefe, monga analili Herode wa pangolo za ku England.

Chatsopano ndi foni. Dziko limene linayamba kukhala ndi wailesi ya kanema yakeyake mu 1999 tsopano lili ndi kamera m'matumba a achinyamata ambiri, ndipo sewero la Lachisanu Loyera likamatha, tizidutswa take tili kale pa WhatsApp ndi pa Facebook. Gulu likaganiza zojambula sewero lake mwadongosolo, lakumana ndi mafunso omwe aja anakumana nawo Jewison ndi Dornford-May, ngakhale bajeti yake ndi ya mayunitsi ndi Fanta. Chiyeso chachikulu n'kutsanzira filimu ya 1979: kubwereka mikanjo, kufuna malo opanda nyumba zamalata, kuthamangitsa oonera kuti asaoneke, kudula mawu a mayi wokuwa uja. Chotsala chimakhala filimu yachizungu yosauka. Ine ndikanati gulu lisiyidwe m'chithunzimo, njinga za kabaza zidutse, phiri la Dedza lioneke kuti ndi phiri la Dedza. Mavuto enieni a ntchitoyo ndi ena. Mphepo ya kuno imameza mawu, choncho foni imodzi iyenera kukhala pafupi ndi wolankhula kuti igwire mawu okha. Sewero la maola awiri limene anthu amapirira poyenda ndi kuimba silipiririka pa kachithunzi ka m'manja, liyenera kudulidwa, ndipo wodulayo ndiye akusankha chimene nkhaniyo itanthauze.

Za zovala za adani a Yesu zifunika kusamala kuposa kale. Mukam'veka Kayafa chovala chofanana ndi cha chipembedzo cha mnansi wanu, kapena asilikali mtundu wa nsalu ya chipani, pamsewu anthu aseka n'kuiwala pofika Pasaka. Pa vidiyo zimafika ku Mangochi ndi ku Johannesburg, kwa anthu osadziwa kuti inali nthabwala ya anyamata a m'kwaya. Masewero ambiri a m'mipingo mwathu salembedwa n'komwe, amangopatsirana pakamwa, akulu kuphunzitsa ang'ono, chaka chilichonse kusintha pang'ono. Tsiku limene ajambulidwa, mawu opeka a chaka chimenecho ndi amene ana adzawaloweze, ndiye n'kwanzeru kuti akatekisiti kapena akulu a mpingo akhale pansi ndi gululo, Baibulo lili potsegula, n'kugwirizana kuti izi n'za m'Malembo, izi tawonjezera, ndipo tawonjezera dala.

Palinso za umwini wa ntchito, zimene kuno zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA. Masewero a ku York, Chester ndi Wakefield m'mawu ake akale alibe mwini wofuna ndalama, chimodzimodzinso Salome, poti Wilde anamwalira mu 1900. Ntchito za Lloyd Webber, Rice ndi Schwartz zili ndi eni ake, ndipo kuzichita kapena kuzijambula kumafuna chilolezo. Gulu lofuna poyambira lingathe kutenga mkazi wa Nowa wa ku Chester n'kum'khazika pa mowa wamasese m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe osalipira aliyense, koma likalowetsa nyimbo imodzi ya Jesus Christ Superstar popanda chilolezo, YouTube ikhoza kutseka mawu kapena kuchotsa vidiyo yonse.